Kodi anthu amamvera chisoni galu kuposa mwana?

Funso: Sabata yatha pa Facebook panayenda kanema wa mnyamata akukwapula galu atamumangirira pamtengo. Pofika madzulo ndemanga zinali zitadutsa chikwi, ena akuti amangidwe, ena akufunsa kumene amakhala. Masiku omwewo panatuluka nkhani ya mwana amene mayi ake omupeza anamuotcha manja chifukwa chodya ndiwo za mumphika, koma oyankhapo anali owerengeka. Mchemwali wanga amene ali ku Britain akuti kumeneko bola kutukwana munthu kusiyana ndi kuponda galu. Kodi dziko lafika pokonda nyama kuposa ana? Ndikufunsanso chifukwa bambo wa nyumba yoyandikana nafe amamenya galu wake moopsa, ndipo ali ndi ana aang'ono atatu amene satuluka kukasewera ndi anzawo. Ndilowererepo kapena si zanga? Ndine mayi wa ku Ndirande, Blantyre.

Yankho: Mayi, mwafunsa zinthu ziwiri, ndipo chofunika changu ndi chachiwiricho, cha ana atatuwo. Komabe ndiyamba ndi choyamba, chifukwa mukamvetsa chimene chimautsa mkwiyo wa anthu mudziwanso chifukwa chake kulira kwa galuyo mwakumva koma za anawo mukungokayikira.

Zimene mwaonazo n'zoona, ndipo sizinayambire kwathu kuno. Mu Ogasiti 2010 mumzinda wa Coventry ku England, kamera ya pakhomo pa munthu inajambula mayi wina akusisita mphaka, kenako n'kumuponya m'bini ya zinyalala n'kutseka. Mphakayo anapezeka wamoyo mawa lake. Khoti linalipitsa mayiyo chindapusa cha mapaundi 250, koma lisanatero anthu anali atamuopseza kale kuti amupha, mpaka apolisi kumakalondera nyumba yake. Mu Julaye 2015 dokotala wa mano wa ku Minnesota ku America, Walter Palmer, anapha mkango wotchedwa Cecil kunja kwa nkhalango ya Hwange ku Zimbabwe atalipira madola pafupifupi 50,000. Anthu anazinga chipatala chake ndi zikwangwani mpaka anachitseka kwa milungu ingapo, ndipo makampani akuluakulu a ndege a ku America analeka kunyamula mitu ndi zikopa za mikango. Chaka chomwecho, malinga ndi UNICEF, ana osakwana zaka zisanu pafupifupi 16,000 ankamwalira tsiku lililonse padziko lapansi. Mu Meyi 2016 kumalo osungirako nyama a ku Cincinnati ku America, mwana wazaka zitatu anagwera m'khola la gorila wotchedwa Harambe, osamalira nyama anawombera gorilayo kuti apulumutse mwana, ndipo khamu la anthu linasaina chikalata chofuna kuti makolo a mwanayo aimbidwe mlandu. Woimira boma pamilandu anakana.

Phokoso lilipo ndithu. Chimene ndikukana ndi kulitenga phokosolo ngati sikelo yoyezera kuti anthu amalemekeza moyo wa ndani.

Ofufuza a pa yunivesite ya Northeastern ku Boston, mwa iwo Jack Levin ndi Arnold Arluke, anayesa funso lanu lomweli ndipo anasindikiza zotsatira mu 2017. Anapatsa ophunzira oposa 200 nkhani yopeka ya m'nyuzipepala yonena za wina amene wamenyedwa ndi chibonga, n'kuthyoka mwendo, n'kukomoka. Nkhani inali yomweyo kwa onse, chosintha chinali womenyedwayo: kwa ena linali khanda la chaka chimodzi, kwa ena munthu wazaka 30, kwa ena kamwana ka galu, kwa ena galu wamkulu. Khanda ndilo linamveredwa chisoni kwambiri, kamwana ka galu kali pafupi pomwepo, kenako galu wamkulu. Wotsalira kumapeto anali munthu wamkulu. Ndiye galu sanapose mwana. Chimene anthu amayang'ana n'chakuti wozunzidwayo sangathe kudziteteza ndiponso palibe chomuneneza. Munthu wamkulu akamenyedwa timadzifunsa mumtima kuti kodi anaputa chiyani. Galu palibe amamufunsa zimenezo.

Mwana wootchedwa manja uja ali pakati. Nkhani yake inabwera ndi mawu akuti anadya ndiwo, ndipo owerenga ambiri, ngakhale sangavomereze kuotchako, amaona kuti panali cholakwa. Ambiri a iwo anakula akukwapulidwa, ena amakwapula ana awo. Kafukufuku wa boma la Malawi wa mu 2013 wokhudza nkhanza kwa ana anapeza kuti Amalawi awiri mwa atatu alionse anachitiridwapo nkhanza ali ana. Atsikana pafupifupi 42 pa 100 alionse ndi anyamata pafupifupi 65 pa 100 alionse anamenyedwapo, pamene mtsikana mmodzi mwa asanu ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri anachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana asanakwane zaka 18. Chinthu chofala chonchi sichidzidzimutsanso anthu. Komanso ukayamba kudzudzula wootcha mwana, umafika pa funso losakoma loti kulanga kumathera pati ndipo nkhanza zimayambira pati, funso limene limalowa m'nyumba mwako momwe. Kutukwana womenya galu wa pa kanema sikukufunsa kanthu za khalidwe lako, sikukudanitsa ndi m'bale, sikukutengera kupolisi kukachitira umboni.

Chifukwa china ndi nkhope ndi dzina, ndipo pamenepa pali kafukufuku amene dzina la Malawi lilimo. Mu 2007 ofufuza Deborah Small, George Loewenstein ndi Paul Slovic anafotokoza mmene anapatsira anthu madola asanu aliyense, kenako n'kuwapempha kuti aperekeko ku bungwe la Save the Children. Gulu lina linawerenga ziwerengero, choyamba chili chakuti kusowa kwa chakudya ku Malawi kukukhudza ana oposa 3 miliyoni, n'kutsatira za Zambia, Angola ndi Ethiopia. Gulu lina linangoona chithunzi cha mtsikana mmodzi wazaka 7 wa ku Mali, dzina lake Rokia. Owerenga ziwerengero anapereka pafupifupi dola imodzi ndi masenti 14 aliyense. Oona Rokia anapereka madola awiri ndi masenti 38. Gulu lachitatu linapatsidwa zonse ziwiri, chithunzi ndi ziwerengero, ndipo linapereka dola imodzi ndi masenti 43. Ndiye kuti ana athu 3 miliyoni ataikidwa pambali pa Rokia anamuchepetsera thandizo.

Cecil anali ndi dzina, zithunzi, ndi lamba pakhosi amene ofufuza a pa yunivesite ya Oxford ankamutsatira naye. Mwana wozunzidwa alibe nkhope pa intaneti, ndipo n'koyenera kuti asakhale nayo, chifukwa kumuonetsa n'kumupweteka kawiri: adzakula anzake akumuloza. Galu mungamujambule, mungamutchule dzina, mungaonetse zilonda zake pafupi, palibe chimene ataye. Motero chitetezo chimene timapatsa mwana n'chomwenso chimachotsa zimene zimautsa chifundo cha anthu ambiri. Onjezani apo kuti galu amamenyedwera pabwalo pamene mwana amamenyedwera kuchipinda, ndipo womumenyayo nthawi zambiri ndi amene amamudyetsa.

Mwana akaoneka, dziko limagwedezeka kuposa mmene limachitira ndi mkango. Pa 2 Seputembala 2015, patangopita miyezi iwiri Cecil ataphedwa, mtembo wa kamnyamata ka ku Syria, Alan Kurdi, unapezeka pamchenga pafupi ndi Bodrum ku Turkey. Nkhondo ya ku Syria inali itapha kale anthu oposa 200,000 popanda ambiri kutekeseka. Slovic ndi anzake anatsatira ndalama zolowa ku thumba la Red Cross ya ku Sweden, ndipo anapeza kuti sabata yotsatira chithunzicho ndalama za tsiku lililonse zinakwera kuposa ka 50. Pasanathe miyezi iwiri zinali zitabwerera pafupi ndi pamene zinali. Mkwiyo wa gulu umatero kwa mwana ndi kwa nyama yemwe: umayaka msanga n'kuzima msanga.

Ndipo si nyama zonse zimene zimalirilidwa. Nkhuku zoposa 70 biliyoni zimaphedwa chaka chilichonse padziko lapansi. Nkhuku zopachikidwa chadodolido panjinga, mbuzi yomangidwa miyendo pakaliyala dzuwa lili pamutu, ng'ombe yokoka ngolo ili ndi chilonda pakhosi, zonsezi timazidutsa tsiku ndi tsiku osatulutsa foni.

Mchemwali wanu mumuuze kuti aone malamulo ndi ndalama, osati ndemanga. Ku England chilango chachikulu cha wozunza nyama chinali miyezi isanu ndi umodzi mpaka mu 2021, pamene anachikweza kufika zaka zisanu. Cha wochitira nkhanza mwana chinali zaka 10, ndipo mu 2022 chinakwera kufika zaka 14, pamene wochititsa imfa ya mwana atha kukhala m'ndende moyo wake wonse. Ku America malipoti a Giving USA amaonetsa chaka ndi chaka kuti mabungwe a nyama ndi a zachilengedwe, kuwaphatikiza pamodzi, amalandira pafupifupi 3 pa 100 ya ndalama zonse zachifundo, pamene maphunziro paokha amalandira kangapo kuposa apo. Ndipo apa sitinawerengere misonkho imene imapita kusukulu ndi kuzipatala za ana.

Pali malo amodzi pamene dandaulo lanu limagwira mwamphamvu, ndipo sindikufuna kulizembera. Mkwiyo wa anthu akutali ukasanduka ndondomeko, olipira mtengo wake amakhala a kumudzi. Cecil ataphedwa, Goodwell Nzou, mzimbabwe amene ankaphunzira ku America, analemba mu New York Times kuti kwawo mkango si chinthu chokondedwa koma choopsa chimene chimalepheretsa ana kuyenda mwaufulu. Kwathu kuno njovu 263 zitasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kupita ku Kasungu mu 2022, anthu okhala m'mphepete mwa nkhalangoyo, mbali ya Malawi ndi ya Zambia yomwe, akhala akudandaula za imfa za abale awo ndi minda yowonongedwa. Zithunzi za njovu zikukwezedwa m'magalimoto zinayenda kutali kuposa nkhani za maliro. Pamenepo kukwiya n'koyenera. Koma wolakwa si njovu, ndipo chofunika ndi mipanda, chipukuta misozi ndi kumvetsera a m'midzi.

Tsopano mbiri, chifukwa ndi imene ikutifikitsa pa khomo la oyandikana nanu. Ku Britain lamulo loteteza ng'ombe, akavalo ndi nkhosa ku nkhanza, limene Richard Martin analimenyera, linakhazikitsidwa mu 1822. Bungwe loteteza nyama limene lero ndi RSPCA linayamba mu 1824. Lamulo lolola boma kulowerera kholo likamazunza mwana linabwera mu 1889, patapita zaka 67. Ambiri amati uwu ndi umboni woti azungu anayamba ndi kale kukonda akavalo kuposa ana. Chifukwa chenicheni chinali chakuti kavalo ankamenyedwera mumsewu anthu akuona, pamene mwana ankatengedwa kuti ndi wa bambo wake, ndipo boma linkaopa kulowa m'nyumba ya munthu. Maganizo omwewo tili nawo ife tikamati za m'banja mwa eni salowerera, ngakhale pakamwa pomwepo timanena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ku New York, Henry Bergh anayambitsa bungwe loteteza nyama la ASPCA mu 1866. Patapita zaka zochepa mayi wina wa mpingo wa Methodist, Etta Wheeler, amene ankayendera osauka, anamva kwa anthu oyandikana za mtsikana wotchedwa Mary Ellen Wilson, wazaka pafupifupi 10, amene ankakwapulidwa, kuchekedwa ndi sizasi ndi kutsekeredwa m'nyumba ndi mayi womulera. Maofesi amene anapitako sanamuthandize. Anapita kwa Bergh, ndipo loya wa bungwe la nyamalo, Elbridge Gerry, anatengera nkhaniyo kukhoti mu Epulo 1874. Mayi womulerayo, Mary Connolly, analamulidwa kukhala m'ndende chaka chimodzi. Anthu amakonda kunena kuti khoti linateteza Mary Ellen pomuwerengera ngati nyama, koma sizinali choncho: Gerry anagwiritsa ntchito lamulo lakale lotulutsira munthu m'manja mwa womusunga molakwika. Chimene oteteza nyama anabweretsa chinali luso lofufuza, loya, ndi kulimba mtima kogogoda pakhomo la eni. Bergh ndi Gerry omwewo anathandiza kukhazikitsa bungwe loteteza ana la ku New York mu 1875, ndipo chitsanzo chake chinawolokera ku Liverpool mu 1883 ndi ku London mu 1884, kumene kunabadwa bungwe loteteza ana la NSPCC. Mary Ellen anakhala ndi moyo mpaka 1956, atakwana zaka 92. Amene anayamba kumumva akulira anali a khomo loyandikana.

Kodi womenya galu amamenyanso ana? Osati onse, koma kawirikawiri moti munthu wanzeru amayang'anitsitsa. Mu 1983 ofufuza ku New Jersey anayendera mabanja 53 amene anali kale m'manja mwa a zachisamaliro cha ana, ndipo m'mabanja mmene ana ankamenyedwa, pafupifupi 88 pa 100 alionse nyama za pakhomo zinkazunzidwanso. Frank Ascione, pofunsa amayi othawira kunyumba yobisalako ku Utah, anapeza kuti mwa amene anali ndi ziweto, pafupifupi 7 mwa 10 ananena kuti mwamuna anaopsezapo, kuvulaza kapena kupha chiwetocho. Ku Massachusetts, kafukufuku wa mu 1999 anayerekeza anthu 153 oimbidwa mlandu wozunza nyama ndi anansi awo, ndipo anapeza kuti ozunza nyamawo ankapezeka ndi milandu ya chiwawa kuwirikiza pafupifupi kasanu. Kafukufuku yemweyo sanapeze umboni woti munthu amayamba ndi nyama kenako n'kukwera kupita kwa anthu, zimangoyendera limodzi. Kuyambira mu 2016 a FBI, apolisi ofufuza milandu a ku America, amalemba nkhanza kwa nyama ngati mlandu woima paokha. Magulu ofufuzidwawa anali ang'onoang'ono ndipo anali a ku America, choncho musawatenge ngati chigamulo pa bamboyo. Kwathu kugenda galu woba n'kofala. Chodetsa nkhawa ndi china: kumenya galu womangidwa kwa nthawi yaitali, kumumenya chifukwa cha mkwiyo wochokera kwina, kuchita zimenezo ana akuonerera, kapena kunena mawu onga akuti nanunso mukapusa ndikuchitani chomwechi.

Ndiye mulowererepo, koma mwadongosolo.

Yambani ndi kope. Lembani tsiku, nthawi, zimene mwaona ndi maso anu ndi zimene mwamva ndi makutu anu, mawu enieni ngati mwawamva. Zimene mwauzidwa ndi ena muzilembe padera. Malipoti ambiri amafera poti wodandaula amangoti amawazunza, ndipo akafunsidwa kuti liti, motani, alibe yankho. Ngati palibe choopsa cha lero, milungu iwiri ikukwanira. Ngati mwamva mwana akumenyedwa moti mukuopa kuti avulala, musadikire kope, imbani foni nthawi yomweyo.

Dziwani zoyang'ana. Mwana wothamangathamanga amavulala m'maondo, pamsongolo, m'zigongono ndi pamphumi, ndipo zimenezo sizikayikitsa. Zokayikitsa ndi mikwingwirima ya kumakutu, m'khosi, m'masaya, pamimba, kumsana, m'matako ndi mkati mwa ntchafu, makamaka kwa mwana wosakwana zaka zinayi. Khanda losayamba kukwawa siliyenera kukhala ndi mkwingwirima paliponse. Onani zipsera zokhala ndi maonekedwe a chinthu: mizere iwiri yoyendera limodzi ya ndodo, chizungulire cha waya wopindidwa, timadontho tozungulira ta ndudu kapena ta pulasitiki yosungunula. Mwana wogwera pamoto kapena wodzitayira phala amapsa mbali imodzi mosalongosoka. Wogwiridwa dala amapsa manja onse awiri, ndipo malire a chilondacho amakhala owongoka. Zina ndi kuchedwa kupita naye kuchipatala, nkhani yofotokoza kuvulala imene imasintha tsiku ndi tsiku, mwana wodzitchinga kumutu munthu akangokweza mkono, kujomba kusukulu pafupipafupi, njala yosatha, ndi mwana amene nayenso wayamba kuzunza tiana ta agalu kapena anapiye. Muwaonenso mayi a anawo. Pamene ana akumenyedwa kotere, kawirikawiri mayi nawo amakhala akumenyedwa. Kusatuluka kukasewera pakokha si umboni. Makolo ena amangoletsa.

Musapite kukakalipira bamboyo, ndipo musajambule n'kuika pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp. Munthu wochititsidwa manyazi amakabwezera kwa amene sangathawe, ndipo mukachoka inu otsala naye ndi anawo. Atha kusamuka usiku, ndipo mwana n'kusowa kwa aliyense amene anayamba kumuyang'anira. Gulu likhoza kumuukira, nkhani n'kusanduka ya iyeyo kuvulazidwa. Inunso mutha kuimbidwa mlandu woipitsa mbiri. Ngati muli ndi chithunzi kapena mawu ojambula, sungani mukapereke kwa apolisi okha.

Khomo losavuta ndi mayi wa m'nyumbamo, bambo atachoka. Musayambe ndi funso loti kodi amakumenyani. Yambani ndi galu: mufunseni ngati analandira katemera wa chiwewe chaka chino, muwauze tsiku ndi malo obayitsira. Funsoli si chinyengo. Bungwe la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, pafupifupi 40 pa 100 alionse ndi ana osakwana zaka 15, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa galu. Mu 2015 a bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies anabaya katemera agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20, ndipo madokotala a ku Queen Elizabeth anaona ana obwera ndi chiwewe akuchepa kwambiri zaka zotsatira. Galu womangidwa ndi womenyedwa ndi amene amaluma, ndipo mwana wamfupi amalumidwa kumaso kapena m'khosi, kumene kachilombo kamafika msanga ku ubongo. Akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Kucheza kotereku kumakupatsani mpata woona anawo pafupi, ndipo mayiyo amadziwa kuti pali khomo limene angagogode.

Mwana akakuuzani kanthu, mvetserani osaonetsa kudzidzimuka. Funsani mafunso otseguka okha, monga akuti chinachitika n'chiyani, kenako zinatani. Musamuikire mawu m'kamwa pofunsa kuti adadi ndi amene akuotcha eti, chifukwa loya adzagwiritsa ntchito zimenezo kugwetsa umboni, komanso mwana wamng'ono amavomera kuti akusangalatseni. Musamulonjeze kuti simuuza munthu. Muuzeni kuti muuza okhawo amene angamuthandize. Muuzeni kuti sanalakwe ponena. Lembani mawu ake mmene wawanenera, ndipo musamuitanire anthu ena kuti abwerezenso.

Kokanena kulipo kungapo. Nambala ya 116 ndi yaulere, ndi ya Tithandizane, imene a YONECO amayendetsa, ndipo mungawafotokozere kuti simukufuna kuti dzina lanu lidziwike kwa banjalo. Kupolisi funsani ofesi ya Victim Support Unit, osati kungosiya nkhani pakauntala. Ku khonsolo ya boma kuli ofesi ya zachisamaliro cha anthu, imene ili ndi alangizi oteteza ana m'madera. Ku Queen Elizabeth kuli One Stop Centre, kumene dokotala, wapolisi ndi mlangizi amapezeka malo amodzi kuti mwana asamayendetsedwe ofesi ndi ofesi. Simukufunika umboni wokwanira kuti mukanene. Kufufuza ndi ntchito yawo. Lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la mu 2010 limaika udindo wokanena pa achipatala, achibale, olera ana ndi anthu a m'dera, choncho funso loti si zanga lamulo linayankha kale. Lembani dzina la amene walandira nkhaniyo ndi tsiku, mufunse kuti mubwerenso liti.

Pali zinthu ziwiri zimene sizidikira. Ngati pali kukayikira kuti mwana wagwiriridwa, apite kuchipatala pasanathe maola 72, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV sagwira ntchito nthawi imeneyo ikadutsa. Asasambitsidwe kaye, ndipo zovala zikulungidwe m'pepala, osati m'jumbo, chifukwa chinyezi chimawononga umboni. Ngati wapsa, thirani madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, musapake mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta kapena dothi, muphimbe ndi nsalu yoyera mupite naye.

Chimene chimagwetsa milandu yambiri yotere ndi njala. Bambo akamangidwa, m'nyumba mulibe wogula ufa ndi wolipira lendi, achibale amabwera kudzanyengerera, ndipo mayi amapita kukatseketsa mlandu kapena mwana amasintha mawu. Ena amaitengera kwa amfumu kapena kwa ankhoswe n'kuithetsa ndi mbuzi kapena ndalama. Amfumu, atsogoleri a mpingo ndi ankhoswe ndi othandiza pa kukalipira kopitirira, kumana chakudya ndi kulanga kosayenera, ndipo mawu awo nthawi zina amamveka kuposa a wapolisi. Koma kuotcha, kuthyola fupa ndi kugwiririra ndi milandu ya boma, si ya pabwalo. Pokanena, auzeni a zachisamaliro ngati mukudziwa agogo, azakhali kapena amalume odalirika amene angasunge anawo, ndi mmene mayiyo angapezere chakudya. Mlangizi amene ali ndi kokaika ana amachita changu kuposa amene alibe.

Galuyo musamusiye. Malawi ili ndi lamulo loteteza nyama ku nkhanza, ndipo ku Blantyre kuli bungwe loteteza nyama la SPCA komanso ofesi ya boma ya zaziweto. Powauza, tchulani kuti pakhomopo pali ana aang'ono atatu, ndipo pouza oteteza ana tchulani za galu, ndi masiku amene munalemba. Maofesi awiriwa sadziwitsana okha, ndiye wolumikiza ndinu. Ulendo wa dokotala wa ziweto umathandizanso mwanjira ina: bamboyo amadziwa kuti pakhomo pake pali maso, popanda wina kumuneneza za ana.

Pakatha sabata osaona kanthu, bwereraninso ndi kope lanu lili ndi masiku atsopano, ndipo mukapeza kuti woyamba uja sanachitepo kanthu, pitani ku ofesi ina mwa zimene ndatchulazi. Ngati wamkulu mwa anawo ali pasukulu, kaonaneni ndi aphunzitsi aakulu mwamseri muwapemphe kuti aone kaundula wa kujomba ndi thupi la mwanayo. Malipoti awiri ochokera kwa anthu osiyana, wina woyandikana naye wina mphunzitsi, savuta kuwatsatira ndipo amavuta kuwakankhira pambali ngati mkangano wa anansi.